Kanema wa dijito: tsiku la 17 Juni lisasunthe, koma kuno kunyanja asathamangire kuzimitsa



Nkhani ya kanema wa dijito idatentha mu 2015. Pa wailesi ankailengeza m'mawa ndi madzulo, m'maminibasi a pa msewu wa M5 anthu ankaikambirana, ndipo ikatha swala ya Ijumaa simunkalephera kupeza kagulu ka azibambo pansi pa mtengo akutsutsana za nkhani yomweyi. Tsiku limene linkatchulidwa lidali 17 Juni 2015. Ena ankati boma lisunthe tsikuli chifukwa anthu sanakonzeke. Ena ankati ayi, likhale pomwepo, poti Amalawife mukatipatsa chaka china timagona chaka chonsecho n'kudzadzidzimuka tsiku lomaliza.

Ine ndidaima apa: tsiku la dziko lonse lisasunthe, ntchito ipite patsogolo, koma makina akale amene ankatipatsa kanema kuno kunyanja asazimitsidwe kufikira zinthu zitatu zitatheka, zimene nditchule bwinobwino kutsogoloku. Ndipo tsiku lozimitsa la boma lathu la Nkhotakota lisankhidwe poyang'ana kalendala ya mlimi ndi msodzi.

Mwina wina afunsa kuti tsamba la ulimi ndi usodzi likufuna chiyani pa nkhani za TV. Yankho lake n'losavuta. Ndalama yogulira dekoda ichokera m'thumba la mpunga, m'ndowa ya usipa ndi m'dengu la makaka. Tikapusitsidwa, ndi ndalama yomweyo imene ipite. Komanso mafunde amene akukanganiranawa ndi omwe mawa adzanyamule uthenga wa pa foni wonena mtengo wa nsomba ku Lilongwe. Ndiye nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Chikusintha n'chiyani kwenikweni?

Kuyambira pomwe Television Malawi idayamba kuulutsa mu Epulo 1999, chithunzi chinkafika m'nyumba mwathu m'njira ya analogi. Mumakweza eriyo pa nsungwi, mwana n'kumazunguliza nsungwiyo panja inu mukukuwa m'nyumba kuti "pomwepo, pomwepo!", basi chithunzi chatuluka. Siginolo ikafooka chithunzi chimadzaza mchenga, koma mawu mumamva ndipo nkhope ya wowerenga nkhani mumaizindikira.

Njira ya dijito imasandutsa chithunzi ndi mawu kukhala manambala, n'kuwapanikiza kuti atenge malo ochepa. Pa malo a mafunde amene analogi imadutsitsa tchanelo imodzi yokha, dijito imadutsitsa matchanelo oposa khumi. Malawi, pamodzi ndi maiko ambiri a SADC, adasankha mtundu wa dijito wotchedwa DVB-T2. TV yakale siitha kuwerenga manambalawo payokha, n'chifukwa chake pakufunika kabokosi kotanthauzira, kamene anthu akutchula kuti dekoda. Eriyo ilowa m'dekoda, dekoda ilumikizidwa ku TV ndi zingwe zija za chikasu, chofiira ndi choyera, basi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna zimveke mpaka ku Ngala ndi ku Benga. Choyamba, TV yanu yakale ya chimsana ija siitayidwa. Igwira ntchito bwinobwino ikapeza dekoda. Chachiwiri, wailesi ya FM siikukhudzidwa m'pang'ono pomwe. Kaya mumamvera Radio Islam, MBC, Zodiak kapena Nkhotakota Community Radio, imalirabe monga mwa masiku onse. Chenjezo la mwera lochokera ku nthambi yoona za nyengo lidzakupezani padoko monga kale. Amene ali ndi dishi, monga a DStv, nawonso sakukhudzidwa, chifukwa siginolo yawo imachokera ku satelayiti. Okhudzidwa ndi ife a eriyo ya pansungwi.

Tsikuli lidachokera kuti?

Tsiku la 17 Juni silidasankhidwe ku Capital Hill. Mu 2006 maiko a mu Africa, Ulaya ndi ku Middle East adakumana ku Geneva pansi pa bungwe la ITU, limene ndi nthambi ya United Nations yoona za mafunde a wailesi ndi matelefoni. Kumeneko adagawana mafunde atsopano ndipo adagwirizana kuti nyengo yosinthira idzathe pa 17 Juni 2015. Maiko a SADC adadziikira tsiku lawolawo lofulumirirapo, 31 Disembala 2013, koma ambiri sadalikwanitse. Kuno kwathu makina oyamba a dijito adayatsidwa kumapeto kwa 2013. Bungwe la MACRA ndi limene likuyang'anira malamulo ake, ndipo kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited ndi imene yapatsidwa ntchito yofalitsa siginoloyo.

Tsono tanthauzo la tsikuli anthu ambiri ankalimva molakwa. Palibe munthu ku Geneva amene ali ndi batani lozimitsira ma TV a ku Malawi. Pangano lija likunena kuti likadutsa tsikuli, dziko limene likuulutsabe pa analogi silitetezedwanso ngati siginolo ya dijito ya dziko loyandikana nalo ikulisokoneza, komanso analogi yakeyo siiyenera kusokoneza dijito ya anzake. Kwa ife izi si nthano, poti tsidya la nyanjali ndi Mozambique, chigawo cha Niassa, ndipo mafunde a wailesi amayenda bwino pamwamba pa madzi popanda phiri lowatchinga. Koma panganolo silikakamiza kuti makina onse akale m'dziko azimitsidwe usiku umodzi. Boma lidali ndi mpata wozimitsa chigawo ndi chigawo, bola ligwirizane ndi maiko oyandikana nalo. Mpata umenewo ndi umene ndinkapempha kuti ugwiritsidwe ntchito.

Amene akuti tisunthe ali ndi mfundo

Tisawanyoze abale athu amene ankati tsikuli lisunthidwe. Mfundo zawo n'zolemera.

Chaka cha 2015 sichidatikomere. Mu Januwale madzi osefukira adawononga kwambiri, makamaka ku Nsanje ndi Chikwawa, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Kenako mvula idadula msanga m'madera ambiri, chimanga sichinachite bwino. Chimanga chikachepa m'dziko, ngakhale ife odya kondowole timamva kuwawa, chifukwa mtengo wa chakudya chilichonse umakwera. Dekoda ndi katundu wochokera kunja, wogulidwa ndi madola, ndipo chigwereni kwacha mu Meyi 2012 tonse tikudziwa mmene katundu wakunja akulumira. Bambo amene akuwerengera fizi ya mwana wa Fomu 2, mafuta a injini ndi ukonde wong'ambika, mukamuuza za dekoda akuyang'anani ngati mwamutukwana.

Mfundo ina ndi ya magetsi. Mu 2015 m'dziko muno idali nyumba pafupifupi imodzi mwa khumi imene idali ndi magetsi a ESCOM, ndipo kumudzi zidali zochepa kuposa apo. Ambiri a ife TV timaonera batire ya galimoto kapena sola yaing'ono. Dekoda imadya moto wochepa, komabe ndi pakamwa pena pa batire yomwe ija, ndipo ena afunika kugulanso inveta kapena adaputa. Izi a muofesi saziwerengera.

Mfundo yachitatu ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Dijito ilibe chithunzi cha mchenga. Siginolo ikakwana, chithunzi chimaoneka mbee ngati cha pa DVD. Ikachepa pang'ono pokha, chithunzi chimauma, chimasweka timabokosi, kenako kuli zii. Ndiye kuti banja limene lero likuonera nkhani movutikira, mawa likhoza kugula dekoda n'kupeza mdima. Kumbukirani pamene takhala. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000. Pakati pathu pali mapiri a Ntchisi ndi zitunda za nkhalango ya Nkhotakota. Mafunde a TV amayenda mowongoka, sakhota kutsika chigwa. Kuti siginolo yafika ku Area 25 sizitanthauza kuti yafika ku Chia kapena ku Liwaladzi.

Onjezerani apo kuti TV imodzi kuno imadyetsa maso ambiri. Nyumba imodzi ikakhala nayo, mudzi wonse umadzaonera nkhani za 8 koloko, maliro a boma kapena mpira wa Flames. Mukawerenga ma TV mupeza ochepa, koma mukawerenga oonera mupeza khamu. Kuzimitsa TV imodzi padoko n'kuzimitsira alovi onse a padokopo.

Pomaliza, mu 2015 mwezi wa Ramadhan unkayembekezeka kuyamba pa 18 Juni kapena tsiku lotsatira, malinga ndi kuoneka kwa mwezi. Ndalama ya banja la Chisilamu m'masabata amenewo imapita ku futari, daku, Zakatul Fitr ndi zovala za ana za Eid. Mnzanga wina adaseka n'kunena kuti bola TV ithime, anthu adzaze mzikiti pa Taraweh. Tidaseka tonse. Koma kuzimitsa TV ndi dzanja lako chifukwa choopa Allah ndi ibada, pomwe kuzimitsiridwa chifukwa wina sanamalize ntchito yake kulibe sawabu iliyonse.

Kusuntha kwa chisawawa nakonso kuli ndi mtengo wake

Nanga bwanji sindikugwirizana ndi zongosuntha tsikuli? Chifukwa mawu akuti "tisunthe" amakoma pakamwa koma sagula dekoda ngakhale imodzi. Funso ndi lakuti tisunthe kuti tichite chiyani, ndipo achite ndani.

Taonani ku Joni kumene ana athu ambiri ali. South Africa ndi dziko lachuma, koma idalephera tsiku lake la Novembala 2011, idalephera la SADC la 2013, ndipo la Juni 2015 nalonso siidalikwanitse. Zaka zonsezo zidathera m'mikangano ya makampani ndi boma pa za mtundu wa dekoda. Kusuntha kulikonse kwangobala kusuntha kwina. Ngati a chuma atero, ife tikayamba chizolowezi chimenecho tidzathera kuti?

Tsiku likakhala losadziwika, wamalonda saitanitsa madekoda, poopa kuti katundu amuwolera m'shopu. Madekoda akasowa mtengo umakwera, anthu sagula, boma n'kunena kuti anthu sanakonzeke, n'kusunthanso. Ndi gudumu lozungulira pamalo amodzi. Pa nthawi yonseyo dziko likulipira magetsi, mafuta a jenereta ndi amisiri a makina awiri, akale ndi atsopano, ndipo ndalamayo ndi ya msonkho wathu womwe.

Padalinso phindu limene linkachedwa. Analogi ikachoka, mbali ina ya mafunde imene inkadya imatsala yopanda ntchito, ndipo maiko adagwirizana kale kuti mafunde amenewo apite ku mafoni ndi intaneti. Ubwino wa mafunde amenewa ndi wakuti amafika patali ndi nsanja imodzi, choncho ndi oyenera kumudzi ndi panyanja. Msodzi aliyense akudziwa kufunika kwa netiweki injini ikafa pakati pa madzi mwera ukubwera. Mayi aliyense wogulitsa usipa akudziwa kusiyana kwa kutumiza katundu ku Lilongwe utamva kale mtengo, ndi kungopita mwa chikhulupiriro. Airtel Money ndi Mpamba zatichepetsera kuyenda ndi ndalama m'chitenje, koma zimadalira netiweki. Kunena zoona, kwa banja la kunyanja phindu lalikulu la dijito likhoza kudzafika kudzera m'foni kusiyana ndi pa TV.

Ndipo pa TV pomwepo pali mwayi. Matchanelo akachuluka, ndiponso kampani imodzi ikamanyamula siginolo ya onse, woyambitsa tchanelo safunikanso kumanga nsanja zake m'dziko lonse. Apa ndi pamene mapulogalamu a ulimi wa mpunga, kaumitsidwe ka nsomba, ngakhale maphunziro a Deen m'Chichewa ndi m'Chiyao angapeze malo. Radio Islam yationetsa kuyambira 2001 zimene mawu okha angachite. Chaka chilichonse chochedwa ndi chaka chimene mwayi umenewu ukutidutsa.

Anzathu adayenda bwanji?

Tanzania sidadikire 2015. Idazimitsa analogi ku Dar es Salaam pa 31 Disembala 2012, kenako mizinda ina monga Dodoma, Tanga, Mwanza, Arusha ndi Mbeya m'miyezi yotsatira, umodzi ndi umodzi. Madandaulo adalipo ambiri, poti mabanja ochuluka adadzuka opanda chithunzi chifukwa madekoda adali asanawafike, ndipo eni matchanelo adalira kuti ataya oonera. Komabe nzeru yoyenda mzinda ndi mzinda idawathandiza kuona zolakwika pamalo amodzi asanapite pena.

Ku Kenya zidavuta mu Febuluwale 2015. Boma ndi makampani akuluakulu a TV adakokanakokana mpaka kumakhothi, makina a analogi adazimitsidwa, ndipo matchanelo otchuka monga Citizen TV, NTV ndi KTN adakhala osaoneka pafupifupi masabata atatu. Pa mkangano wa akuluakuluwo amene adavutika ndi woonera wamba.

Ngakhale America idasunthapo tsiku. Idakonza zozimitsa pa 17 Febuluwale 2009, koma idasunthira pa 12 Juni chaka chomwecho. Chifukwa chake chidali chodziwika: boma linkapereka makuponi a madola 40 othandizira kugula kabokosi, ngati mmene ife tidziwira makuponi a fetereza, ndipo anthu ochuluka adali adakali pa mndandanda wodikira. Adasuntha miyezi inayi yokha, adathira ndalama zina m'makuponiwo, tsiku latsopano litafika adazimitsadi. Kusuntha kotero ndi kumene kuli ndi mutu: kwaufupi, kodziwika chifukwa chake, kokhala ndi ntchito yoti ichitike pakatipo.

Phunziro lili panyanja pomwepa

Sitifunika kupita kutali kuti timvetse za masiku otsekera. Chaka chilichonse pa 1 Novembala nyanja imatsekedwa kwa makoka kuti chambo chiswane. Kumene ma BVC ndi mafumu akhala pansi ndi asodzi nthawi isanakwane, lamulo limagwira. Kumene lamulo limangofika ndi bwato la a Fisheries ndi apolisi, anthu amakokera usiku.

Taonani ku chilumba cha Mbenji, kwa Senior Chief Makanjira ku Salima. Kumeneko amatseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo akhala akutero kwa zaka zambirimbiri. Palibe amene amapempha kuti tsiku lisunthe chifukwa sanakonzeke. Aliyense amalidziwa, amadziwa chifukwa chake, ndipo phindu lake amaliona ndi maso pa tsiku lotsegulira utaka ukadzaza mabwato. Tsiku lokhazikika limagwira ntchito pamene anthu alimvetsa ndiponso apatsidwa njira yokonzekera. Zimenezi ndi zomwe zinkasowa pa nkhani ya kanemayi. Tsiku tidauzidwa, koma njira yofikira pa tsikulo kuno kwathu tidali tisanaione.

Zinthu zitatu zisanazimitsidwe

Choyamba, siginolo iyesedwe kuno komwe. Amisiri a MACRA ndi a kampani yofalitsa siginolo abwere ndi TV, dekoda ndi eriyo wamba, ayatse pamaso pa anthu pa Boma, pa Dwangwa, pa Benga, ku Mwansambo, pa Chia ndi pa Dwambazi. Mapu a pa kompyuta satikwanira. Pamene chithunzi chatuluka alengeze kuti apa zatheka. Pamene sichinatuluke anene poyera, ndipo atiuze mwezi umene adzaike makina othandizira. Munthu asagule dekoda kumalo kumene siginolo kulibe.

Chachiwiri, madekoda apezeke m'boma muno pa mtengo wodziwika. Si bwino kuti munthu awononge ndalama ya thiransipoti kupita ku Salima kapena ku Lilongwe kukasaka kabokosi, mtengo wa ulendo n'kutsala pang'ono kufanana ndi wa katunduyo. Akhale pa positi ofesi ndi m'mashopu odziwika a pa Boma ndi pa Dwangwa. Mtengo wovomerezeka ulengezedwe pa wailesi ngati mmene amalengezera mitengo ya mbewu, kuti mavenda asatidyere masuku pamutu. Pakhale chizindikiro chimodzi chosavuta chosonyeza dekoda yovomerezeka, ndi malo obwezera ikapezeka yakufa.

Chachitatu, uthenga ufike m'chilankhulo chathu ndi m'njira zathu. Kulengeza za TV pa TV pokha, kapena m'nyuzipepala ya Chingerezi, n'kulankhula ndi anthu a m'tauni. Kuno uthenga umayenda pa wailesi ya m'dera, pa msonkhano wa mfumu, padoko, pa mzikiti ndi pa tchalitchi. Ukhale m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga cha abale athu a kumpoto kwa bomali. Zikatheka zitatuzi, apereke miyezi itatu makina akale ndi atsopano akuyendera limodzi, kenako azimitse. Sitidzadandaula.

Tsiku lathu likhale la nthawi yokolola

Ngati tsiku la Nkhotakota lisiyane ndi la m'mizinda, pali msampha umodzi woti tiupewe. Maofesi amakonda 31 Disembala chifukwa ndi potsekera chaka. Kwa ife palibe tsiku loipa kuposa limenelo. Nyanja imakhala yotseka, mbewu ndi fetereza zikufuna ndalama, aganyu owokera mpunga akudikira malipiro, sukulu ikutsegula mu Januwale, ndipo njala ya Febuluwale ili pakhomo. Munthu wanzeru sangagule dekoda nthawi imeneyo, ndipo amene angagule ndiye kuti walanda pakamwa pa ana.

Ndalama kuno imaoneka mpunga ukapunthidwa ndi kugulitsidwa, kuyambira Juni mpaka cha mu Seputembala, komanso mwera ukaleka usipa n'kuyamba kugwidwa bwino. Choncho ngati zitatu zija zingatheke msanga, tsiku lathu likhale kumapeto kwa Seputembala 2015, Eid zonse ziwiri zitadutsa. Zikakanika, lidikire nyengo yomweyo ya 2016, koma lilengezedwe lero, lilembedwe, ndipo lisadzasunthenso. A khonsolo, makhansala ndi aphungu athu a Nyumba ya Malamulo atenge mfundo imeneyi apite nayo kumene kukupangidwa ziganizo. Ndi ntchito imene tidawasankhira.

Ife eni ake tichite chiyani?

Boma lili ndi mbali yake, ifenso tili ndi yathu. Safunsa adadya phula, choncho tisagule kanthu tisanafunse.

Wina akakuuzani kuti TV yanu yatha ntchito, gulani ya fulati, dziwani kuti akufuna ndalama yanu. TV kukhala yopyapyala sikutanthauza kuti ili ndi DVB-T2 m'kati. Ambiri mwa ma TV a fulati akaunjika afunikanso dekoda. Pa bokosi la dekoda yang'anani zilembo zakuti DVB-T2. Ikalembedwa DVB-T yopanda 2, ndi ya mtundu wakale, siigwira kuno. Ikalembedwa DVB-S, ndi ya dishi. Uzaninso ana athu a ku Joni kuti asathamangire kutumiza madekoda a kumeneko asanafunse ngati angagwire ku Malawi. Pogula, pemphani risiti, ndipo ngati n'kotheka wogulitsa ayiyatse muone chithunzi. Funsaninso momveka kuti ndi matchanelo ati aulere ndipo ndi ati olipira mwezi ndi mwezi, kuti mwezi wachiwiri musadzadabwe.

Kwa Asilamu anzanga, chonde tisalowe katapira chifukwa cha kanema. Riba ndi haramu kaya ndi ya bwato kaya ndi ya dekoda, ndipo pa dekoda ndiye palibe n'chifukwa chomwe chonamizira. Kugulitsa mpunga uli m'munda pa mtengo wolira kuti upeze kabokosi n'kuwononga chuma chimene Allah watipatsa ngati amana. Ngati ndalama palibe, dikirani, wailesi ilipo. Ngati pa mudzi pali TV imodzi imene tonse timaonerapo, tisonkherane tigule dekoda imodzi, mwini nyumba asasenze yekha. Magulu a amayi amene amachita chipereganyu angathe kuchita chimodzimodzi popanda chiwongoladzanja.

Makomiti a mizikiti angathandize kwambiri. Akatha kulengeza za maliro ndi za madrasa pa Ijumaa, mphindi ziwiri zokha zonena kuti wailesi siizima, TV yakale isatayidwe, ndipo musagule musanaone chizindikiro, zingapulumutse ndalama za mabanja ambiri. Achinyamata athu odziwa zamagetsi, aja amakonza mafoni ndi ma sola pa msika, aphunzire kulumikiza ndi kusaka matchanelo. Ndi ganyu ya halali, ndipo agogo asavutike kufuna mmisiri wochokera kutali. Ma BVC nawo alembe madoko amene siginolo ikukana, apereke kwa a khonsolo. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi maina a malo, limamveka kuposa kung'ung'udza.

Chotsiriza ndi cha m'nyumba. Walira mvula walira matope. Matchanelo akachuluka, zabwino ndi zoipa zilowera khomo limodzi. Pa analogi tchanelo idali imodzi kapena ziwiri, kholo linkadziwa chimene mwana akuonera. Pa dijito amakhala khumi ndi kuposerapo. Madekoda ambiri ali ndi nambala yachinsinsi yotsekera matchanelo ena. Tiphunzire kuigwiritsa ntchito tsiku loyamba lomwe, ndipo rimoti isakhale m'manja mwa mwana nthawi ya Maghrib ndi ya madrasa. Udindo umenewu sitingaupereke kwa MACRA.

Pa 17 Juni 2015 dziko linkayembekezeka kunena ku maiko anzathu kuti layamba ulendo wa dijito, ndipo zidali zoyenera kutero. Mizinda imene siginolo ndi madekoda zafika kale itsogole. Ife a kunyanja tikupempha chinthu chochepa: atiyese siginolo pamaso pathu, atibweretsere madekoda pafupi pa mtengo wodziwika, atiuze m'chilankhulo chathu, kenako atipatse tsiku limodzi la nthawi yokolola limene silidzasunthanso.  

Allah atifikitse m'mwezi wa Ramadhan tili amoyo ndi athanzi, atetezenso onse amene ali pamadzi nyengo ya mwera. Wassalaam.